Zidole za Dongo za Tereza

Lachinayi, mwezi wa Julho, 1957. Kwathu ku Namacula.

Lero ndinadzuka kusanache, zala zitauma ndi chisanu. Kugona kwenikweni sindinagone. Ndinangotsamira khoma la chipinda chimene munali thupi la Mana Roza, ndipo maso anatsekeka okha amayi a mpingo atadukiza nyimbo kuti apume. Potsegula maso ndinapeza nyali ili pafupi kuzima, amayi atagona mothithikana pamikeka, aliyense atadzifunda kapulana mpaka kumutu. Munthu woyamba kubwera m'maganizo mwanga sanali mkulu wanga amene anali m'bokosi. Anali mwana wake, Tereza. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi momwe zinalili.

Mana Roza ndi amene anandilera, pakuti mayi athu anamwalira ndili wamng'ono. Chifuwa chinamugwira chaka chatha mvula ikutha, ndipo chinamudya pang'onopang'ono mpaka mphete inayamba kuvuka yokha pachala. Ine ndinali kutali, kusukulu ya masisitere kumene ndikuphunzira uphunzitsi. Uthenga utandipeza ndinakwera lole ya chimanga, koma ndinafika dzulo atatseka kale maso.

Tereza ali ndi zaka zisanu. Papa, bambo athu, ankamutcha radiyo ya m'nyumba muno, chifukwa ankalankhula kuyambira podzuka mpaka tulo titamudula mawu pakati. Ankalankhula ndi nkhuku, ndi mtondo, ndi nsapato za agogo ake. Dzulo ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe atakhala pansi, manja onse awiri atawakhalira. Ndinamuitana, anandiyang'ana, koma sanayankhe. Ndinamupatsa bisiketi imene ndinamusungira, sanatulutse dzanja.

Amene anandifotokozera ndi Abiti Saidi, mayi wachiyao amene timagawana naye mpanda. Masiku angapo Mana Roza asanamwalire, Tereza anaumba zidole za dongo kuseri kwa khitchini, monga amachitira nthawi zonse. Anaumba agogo ake ndi chipewa chawo, bambo ake, ndi china choonda kwambiri. Choondacho anachikumbira kadzenje, nachigoneka, nachikwirira. Amene anamupeza ndi amayi aakulu, mkulu wawo wa malemu mayi athu, amene anachokera ku Lione kudzadwazika matenda. Kuno aliyense amadziwa kuti mwana sasewera maliro, ndi malodza. Amayi aakulu anakuwa, anaponda zidole zonse ndi chidendene, namumenya mwanayo m'manja. Anamuuza kuti akuitana imfa, ndipo amake akafa adziwe kuti ndi iyeyo. Amake anafadi. Kuyambira tsiku la zidolezo Tereza sanatulutse liwu, ndipo amadya pokhapokha wina amuikire chakudya m'kamwa.

Ndinatuluka panja. Nkhungu inali itaphimba zonse, moti mpanda wa Abiti Saidi sunkaoneka. Amuna anali atazungulira moto wa zitsa umene unayaka usiku wonse, ena atavala matumba pamapewa. Alamu anga, amuna a Mana Roza, anakhala paokha pa benchi yawo ya ukalipentala. Bokosi anakhoma okha dzulo ndi matabwa a paini, ndipo anakana kuti wina aliyense agwire hamala. M'tsitsi mwawo munali mudakali utuchi.

Kutangoyera, anthu anayamba kutulukira m'nkhungumo ngati akuchokera m'madzi. A ku Lione anayenda usiku, amayi atasenza nkhuni ndi madengu a ufa, mapazi atachita kuyera ndi mame ndi fumbi. A ku Lulimile anafika ndi mtanda wa mpingo. Anzawo a Papa a ku ofesi ya boma anabwera atavala majekete, naima pamodzi chapatali, osadziwa ngati akhale pamphasa kapena adikire mipando. Anansi athu achisilamu anakhala pansi pa mtengo wa pichesi ndi zisoti zawo zoyera, ndipo mbuzi anazinga ndi mmodzi wa iwo kuti pasakhale wina wobwerera ndi njala. Aliyense wofika ankayamba kulira ali pamsewu, kulirako nkuyankhidwa ndi a m'nyumba, kenako nkuzirala mpaka atafika ena.

Ine anandiika kumoto wa amayi, kusenda mbatata ya kachewere. Inali ya m'dimba la Mana Roza, imene anadzala yekha asanagone pansi. Miphika ya nyemba inali itandandalikidwa pamafuwa, utsi ukukana kukwera chifukwa cha nkhungu, tonse tikutuluka misozi ya mitundu iwiri. Kumeneko ndi kumene ndinamva zimene anthu akunena. Sankatchula dzina. Wina anati maso a mwana uja si a mwana. Wina anati zotere zimayenda m'magazi, afufuze kuchimuna. Wachitatu anati kwawo mwana wina anakwirira chitsononkho, sabata isanathe agogo ake anagwa m'chitsime.

Abiti Saidi anali akuuzira moto. Anadzutsa mutu nati, “Mwana wanga uja anaumba galimoto chaka chatha, ya mateyala ake ndi dalaivala yemwe. Mpaka lero ine ndikuyenda wapansi.”

Amayi ena anaseka atabisa pakamwa ndi kapulana. Wina anati, “Inu Abiti, pamaliro pano.”

“Ndiye pamaliro pomwepa musamudye mwana wamoyo,” anatero, nabwerera kumoto wake.

Nkhaniyo inatha, koma inangosamukira pamphika wina.

Dzuwa litayamba kuboola nkhungu, amayi aakulu anandiitanira kuseri kwa nyumba. Maso awo anali ofiira, mawu atasasa. Anandiuza kuti ana onse apite kwa Abiti Saidi mpaka tibwere kumanda, ndipo Tereza auzidwe kuti amake apita kuchipatala chachikulu ku Nampula. Anatinso mawa tikameta, amutenga kupita naye ku Lione, akamusambitse mankhwala, ndipo azikakhala komweko. Ndinafuna kuyankha, koma ndinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula umayang'ana pansi. Ndinayang'ana pansi. Ndinaona chidendene chawo chong'aluka, ndipo ndinadana nacho.

Kusukulu kwathu kuli sisitere wina wokalamba amene amatiphunzitsa kasamalidwe ka ana aang'ono. Timangomutcha Irima. Nkhondo itatha kwawo ku Ulaya, anagwirapo ntchito m'nyumba ya ana amasiye amene mitima yawo inasokonezeka. Amati kumeneko kuli madokotala ochiza popanda jakisoni, ongomvetsera munthu akulankhula mpaka chimene chamumanga chimasuke. Koma mwana alibe mawu okwanira, choncho amamupatsa mchenga, dongo ndi tizidole, ndipo chimene chili mumtima chimatulukira m'manja. Malamulo ake ndi ochepa. Khala pansi pofanana naye. Usafunse. Usakonze. Ngati ulankhula, nena chokhacho chimene waona. Pamayeso a phunziro limeneli ndinakhoza kuposa onse, ndipo m'mawa uno ndinkaganiza kuti zimenezo ndi zokwanira.

Ndinapempha Abiti Saidi dongo lake loumbira miphika, ndipo anandibenthulira chibuma osafunsa kanthu. Ana ena anali akusewera phada pabwalo pake. Tereza anali pakona ya mpanda, manja atawakhalira. Ndinakhala pansi pafupi naye. Lamulo loyamba ndinalisunga. Enawo ndinawaphwanya onse nthawi imodzi.

Kukhala chete kunandikanika. Ndinaumba mayi wokongola, ndinamuika mapiko ngati a angelo a pa chithunzi cha m'tchalitchi, ndipo ndinayamba kulalikira. Ndinati amama ali kumwamba, sakutsokomolanso, akutiyang'ana ndipo akufuna Tereza adye. Ndinamufunsa ngati akumva. Ndinamufunsanso. Ndinasendeza chidolecho pafupi ndi bondo lake nditi achigwire. Tereza anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula mwendo, naika chidendene pamwamba pake, nachiponda mpaka chinaphwatalala. Anachita ndendende mmene anaonera. Nkhope yake sinasinthe.

Nthawi yomweyo nyimbo yotulutsira maliro inayamba kwathu. Ndinanyamuka mothamanga, manja ali dongo lokhalokha. Dongo lotsalalo ndinalisiya pomwepo. Sindinalisiye mwanzeru, ndinangoliiwala.

Bambo mfumu anapemphera pakhomo, nawaza madzi odalitsa. Bokosi linatuluka pamapewa a adzukulu, ndipo kulira kunakwera mpaka agalu a m'mudzi anayankha. Njira yathu imadutsa m'mbali mwa mpanda wa Abiti Saidi. Podutsapo ndinaona pampata wa udzu diso limodzi ndi chipumi chaching'ono. Linatsatira bokosi mpaka tinakhota. Pamenepo ndinadziwa kuti za ku Nampula zija sizinagwire. Mwana wa kalipentala amadziwa kuti kuchipatala sapita m'bokosi.

Nkhungu inali itachoka, kutabwera mphepo ija ya mwezi uno imene imalowa mpaka m'mafupa ngakhale dzuwa likuwala. Fumbi lofiira linkatikwera m'miyendo. Mtanda unali patsogolo, kenako amuna, ife amayi pambuyo. Onyamula ankasinthana osaima, wina kulowetsa phewa wina akutulutsa, ndipo ndinaona achisilamu aja akulowanso pamzere, chifukwa Mana Roza ankawasokera ana awo malaya. Pamene tinadutsa msewu waukulu wa ku Vila, tauni yathu, mwini sitolo wina anatuluka navula chipewa. Lole ya boma inaima kutidikira, anthu a chibalo amene anali pamwamba pake akutiyang'ana chete. Mitengo ya paini inkalira ndi mphepo. Ine ndinkayimba ndi pakamwa pokha, mutu uli pa chidendene chaching'ono chija.

Kumanda dothi linali litaunjikidwa mbali imodzi, lofiira ndi lonyowa pansi pake. Adzukulu anali ndi nthabwala zawo monga mwa mwambo. Mmodzi anauza Papa kuti nyumba amumangira mwana wawo ndi yabwino kuposa za boma, sidontha ndipo msonkho salipira. Papa anagwedeza mutu. Anatsitsa bokosi ndi zingwe. Alamu anaponya dothi loyamba, natembenuka osadikira kumva kugwa kwake. Ine ndinamva. Ndi phokoso limene sindidzatha kulifotokozera munthu amene sanalimve.

Makasu atayamba, amayi aakulu anagwa pansi. Sanalire dzina la Roza. Ankaitana mng'ono wawo, mayi athu, amene anagona m'manda omwewo zaka zambiri zapitazo. Ankati anawasiyira ana awiri, ndipo taonani mmodzi wawapulumuka m'manja. Amayi awiri anawagwira m'khwapa. Ndinaona manja a amayi aakuluwo, osweka ndi madzi ozizira, chifukwa miyezi yonseyi ndi iwo amene ankachapa nsalu za magazi m'mamawa, ine ndili kusukulu ndikulemba mayeso. Chidani chija chinandithawa, ndipo ndinatsala wopanda chogwira. Kudana ndi munthu kumapepukitsa. Ndinazindikira zimenezo lero.

Tinabwerera mosayimba. Pakhomo tinasamba m'manja m'mbiya imene anaikiratu, anthu anadya, ndipo a kutali anayamba kutsanzika kuti dzuwa lisawalowere panjira. Mawu a chipepeso anali amodzimodzi, ndipo ndinawayankha onse mofanana. Dzuwa litapendeka ndinazemba kupita kukatenga Tereza.

Ana ena anali atapita kwawo. Iye anali pakona pomwe paja, manja ali pansi pake. Koma chibuma cha dongo chija chinali ndi timaenje ta zala. Ndinakhala pansi. Ulendo uno ndinalibe ulaliki, pakuti kumanda kunali kutandimaliza mawu onse. Ndinangokhala. Nkhuku zinadutsa. Abiti Saidi ankatsuka miphika kuseri, mchenga ukulira m'chitsulo. Mthunzi wa mpanda unatifika m'miyendo, nutidutsa.

Kenako dzanja limodzi linatuluka. Linabenthula dongo, linabwerera, linatulukanso ndi linzake. Tereza anayamba kufyonyola dongolo pabondo mpaka linatalika ndi kuonda. Anaika mutu. Anatsina timanja tiwiri. Atamaliza anandiyang'ana, mapewa atakwera m'makutu, maso atatsinzina pang'ono, kudikira khofi.

Ndilembe zoona. Ndinachita mantha. Ndaphunzira kwa masisitere, ndimalankhula Chipwitikizi, koma ndine mwana wa pano, ndipo nditaona akutola kamtengo nayamba kukumba, tsitsi linandiima. Mumtima ndinati, tangoika mmodzi lero, uyu akufuna ndani? Dzanja langa linafuna kumugwira. Ndinachita zimene iye wakhala akuchita masiku onsewa: ndinalikhalira.

Anakumba kadzenje kosaya. Anagoneka chidolecho mosamala, nachikwirira, naunjika dothi pamwamba. Sanaliumbe ngati mtumbira. Analikokera mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete mwa dzanja mpaka linakhala kamzere. Kenako anaimirira, kuyenda kwake kuli kodzandira chifukwa chokhala nthawi yaitali, napita pamtsuko wa Abiti Saidi. Anabwera ndi madzi m'chigoba cha chikho, akugwira ndi manja awiri kuti asatayike. Anagwada, nathira pang'onopang'ono kuyambira kumutu kwa kamzereko mpaka kumapeto.

Palibe amene amathirira manda.

Ndinakumbukira lamulo lomaliza la Irima, ndipo ndinanena chokhacho chimene ndinaona. “Wathirira.”

Anaika chigoba pansi, ndipo ndinaganiza kuti ndalakwitsanso. Kenako mawu anatuluka, okhakhala ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa.

“Ngati kachewere.”

“Ngati kachewere,” ndinabwereza.

“Amama anati yofota sitaya. Yofota ndi imene timadzala.” Analoza kamzere kaja. “Ikamera imabwera yonenepa. Yambiri.”

Ndinaona dimba lija m'maso mwanga, Mana Roza atawerama ndi dengu la mbewu yokwinyika, kamwanaka kakumutsatira pambuyo ndi chikho, kakulongolola. Mwanayu anaona amake akufota tsiku ndi tsiku, akulu onse akulephera, ndipo anachita chinthu chimodzi chimene ankadziwa kuti chimabweza chofota.

“Agogo a ku Lione anaponda ndisanathirire,” anatero. “Ndiye sanamere. Ndiye anafa.”

Apa malamulo a Irima ndinawasiya, ndipo sindikudandaula. Ndinamunyamula ndi kumuika pamiyendo. Ndinamuuza kuti amama anadwala chifuwa, chifuwacho chinayamba kalekale iye asanaumbe kanthu, ndipo ngakhale adokotala achizungu anachilephera. Ndinati si dongo, si madzi, si manja ake. Ndinatenga manja akewo ndi kuwaika pamasaya panga, matope ndi onse. Sindikudziwa ngati anakhulupirira. Thupi lake linali lolimba ngati thabwa, kenako linafewa pang'ono. Nditakweza maso ndinaona Abiti Saidi ataima pakona ya nyumba, mphika uli m'manja, akupukuta m'maso ndi phewa.

Ndinkaganiza kuti zatha, kuti ndapambana. Ndinayamba kale kukonza m'mutu mmene ndidzafotokozere Irima. Pamenepo Tereza anadzutsa mutu pachifuwa panga.

“Titiya Mena,” anandiitana monga amaitanira ine, mng'ono wa amake.

“Ee, mama.”

“Kumene mwakawadzala kuja, mwathirira?”

Ndinayang'ana kwa Abiti Saidi, koma iye anayang'ana mumphika. Ndikanati inde, mwanayu akanayamba kudikira, ndipo mvula ikadzagwa nkumera zonse za m'munda kupatula amake, akanadzati madzi anachepa. Ndikanati ayi, ndikanamubwezera pomwe ndinamutola. Ndinangoti, “Kwada, tiye kunyumba.” Anandiyang'ana monga amayang'anira munthu wamkulu akamanama, koma analola kuti ndimubereke.

Kunyumba anadya yekha mbatata ziwiri ndi dzanja lake. Papa ataona zimenezo anatuluka panja mofulumira, ndipo ndinawamva akumina kuseri. Tereza sanalankhulenso ndi wina aliyense. Amayi aakulu atalowa, mwanayo anabisa manja m'khwapa.

Tereza atagona, ndinapita kukhitchini kumene amayi aakulu anali atakhala pafupi ndi makala. Ndinagwada pakhomo monga amafunira, ndipo ndinawafotokozera zonse, kamzere, chikho, ndi mawu a mwanayo. Sindinakweze mawu. Anamvetsera akuyang'ana moto.

“Kusankha mbewu Roza ndinamuphunzitsa ndine,” anatero. “Yofota sitaya. Ndi mawu anga amenewo.”

Anakoka kapulana naphimba mapazi awo. Ndinaganiza kuti anena zina, koma ndinalakwitsa kufulumira. Ndinapempha kuti Tereza asapite ku Lione, ndiponso kuti mawa ndipite naye akaone pamene pagona amake.

“Mwana sapita kumanda,” anatero. “Za kusukulu kwanuzo uzisiye kusukulu. Anthu alankhula kale, ndipo akapanda kusamba adzamuloza chala mpaka adzakule. Iwe udzakhala uli kuti? Kwa masisitere. Pita ukagone.”

Pa mbali imeneyo sananame.

Tsopano nyumba ili zii. Mikeka yakulungidwa, yatsamira khoma. Pamene panali bokosi pali mizere iwiri ya mipando imene inalichirikiza. Makina osokera a Mana Roza aphimbidwa ndi nsalu, ndipo palibe amene akutsokomola. Miyezi yonseyi anthu a m'nyumba muno ankagona ndi chifuwa chimenecho m'makutu, ndipo Papa anati chete ameneyu ndi amene akuwasowetsa tulo. Alamu akadali pa benchi yawo panja. Tereza wagona pamphasa yanga, dzanja limodzi lili panja pa bulangete, m'zikhadabo muli dongo. Sindinamusambitse.

Ndili ndi mantha ndi zambiri. Mwina Irima akanati ndathamanga. Mwina amayi aakulu akunena zoona kuti mudzi suiwala. Katekisimu amati akufa adzauka, ndipo ndimakhulupirira, koma Tereza sakufunsa za tsiku lomaliza. Akufunsa za mvula ya chaka chino. Funso lake ndalithawa lero, ndipo ndikalithawanso mawa apita nalo ku Lione, kumene sadzapeza womufunsa ngakhale dongo loti afunsire.

Choncho ndatsimikiza. Lole ya Loweruka yobwerera kusukulu indisiye, ndidzapita ndikadzaona kuti radiyo ya Papa yayambanso kulira. Mawa kusanache, lumo lometera lisanatuluke, ndikagwada kwa Papa ndi kwa alamu, pakuti mwana ndi wawonso, ndipo ndikapempha amayi aakulu kachiwiri, pamaso pawo. Ndikawapempha kuti asangotiloleza, koma atiperekeze. Akakana, ndidzapempha kachitatu. Ndikufuna Tereza anyamule chikho chake, athire madzi ake onse pamtumbira wa amake mpaka akhutire kuti mbali yake wachita. Akamaliza ndidzakhala pansi pofanana naye, ndi kumuuza chimene akulu tonse takhala tikuchizungulira: kuti kachewere amamera, koma amama sadzamera. Adzalira, ndikudziwa. Koma kulira kuli ndi mawu, ndipo pobwerera tidzadzera kudambo kukatapa dongo.